Zogona kudambo mverani kaye zanga

Achimwene, pamene mwalemba kuti "tikagone komweko usiku umodzi" mtima wanga wagunda. Ine ndinazichita zimenezo mu Okutobala 2023, ine ndi alamu anga, ku Elephant Marsh komweko, dambo lalikulu lija la kuchigwa cha Shire, ndipo mpaka lero ndikamva mvuu ikulira ngakhale pa TV thupi limachita tsemwe.

Tinatsika kuchokera ku Blantyre mbandakucha, pa Thabwa n'kukhotera msewu wa East Bank. Padooko tinapeza bambo wina wa bwato, pakamwa pokoma zedi, akuti dambo lonseli amalidziwa ngati kuchipinda kwake. Ndalama tinampatsa yonse pomwepo. Kupusa kwanga kunayambira apo.

Masana kunali bwino, ndisaname. Madzi ali phee, bwato likungoseseleka pakati pa bango ndi gumbwa, nkhwazi ikulira patali. Ndi nyongolotsi chabe tinawedza makakana asanu ndi awiri ndi mlamba umodzi wonenepa ngati mwendo wa mwana. Dzuwa litapendeka anatitsitsa pakachilumba kouma, akuti pano sipafika chilichonse, ndikagule fodya ndikubwera. Anapita ndi bwato, nkhafi, zonse. Sanabwere!

Ife poona kanjira koyera kotsikira kumadzi tinati apa ndiye posalala, tikhome tenti. Anthu a m'tauni. Imeneyo inali njira ya mvuu, imatuluka usiku kukadya msipu ndipo imakonda kudzera pomwe inazolowera. Cha m'ma 11 ndinangomva madzi akukhavuka, kenako kupuma kwamphamvu, pfuuu, pafupi penipeni ndi mutu wanga. Nthaka ikuchita kugwedera. Fungo la matope ndi ndowe linadzaza m'tenti. Inayima pamenepo n'kuyamba kuzula udzu, khwapu khwapu, osafulumira ayi, ngati ili pamunda pa bambo ake. Alamu anga, munthu wotsogolera kwaya kumpingo, pemphero lonse linawathawa, ankangoti Ambuye, Ambuye, atandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Tochi ili m'manja koma ndiyatse kuti ndione chiyani? Udzudzu ukundidya kumaso, osaumenya kuopa phokoso. Foni netiweki palibe. Kenako ndinakumbukira kuti nsomba tazisiya m'ndowa panja, ndiye maganizo anapita ku ng'ona. Mkodzo ndinaugwira mpaka kucha, alamu sindiwanenera.

M'mawa chingwe chimodzi cha tenti chinali chitaduka, ndowa ili chafufumimba, mapazi a zala zinayi ali mbwee kuzungulira pomwe tinagona. Anatiwolotsa ndi asodzi awiri omwe amadzavuula mono. Anatiyang'ana, n'kuyang'ana tenti, n'kuyamba kuseka m'Chisena osalekeza.

Bambo uja tinakampeza padooko ali thapsa ndi kachasu, ndalama yathu yomweyo. Mukudziwa chomwe ananena? Akuti "koma simunafe nanga". Simunafe! Munthu wamkulu, wa ana, kusiya anzake pakati pa madzi ngati mbuzi zansembe. Kupepesa ayi, kubweza ngakhale ya sopo ayi. Akanakhala kuti alamu sanandigwire bwenzi pano ndikulemba ndili kundende. Patatha sabata ndi theka malungo anandigwetsanso, bonasi.

Tsono inu musayerekeze kupalasa nokha. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 mchenga unatseka timifuleni tina n'kutsegula tina, komanso namasupuni amayenda ndi mphepo, pomwe mwadutsa m'mawa madzulo mupeza patsekeka. Pamafunika munthu wakomweko basi, iwo ndi omwe amadziwa pogona mvuu. Koma musamukhulupirire. Theka la ndalama poyamba, theka mukaponda kumtunda, ndipo nkhafi igone m'tenti mwanu. Mukaona kanjira koyera kochokera m'madzi, thawani. Nsomba musakonzere m'mphepete, miyendo ndi manja zisalendewere kunja kwa bwato. Madzi akumwa nyamulani ambiri, kutentha kwa kuchigwa mukukudziwa, ndipo mukabwerako kayezetseni likodzo.

Kunena zoona pitani, malo ngati amene aja sindinawaonenso, makamaka dzuwa likamatuluka pamwamba pa gumbwa, ndipo limenelo simungalione mukagona ku Nchalo. Komabe musagone kudambo. Mukaumirira ndiuzeni tsiku, tenti ndikadali nayo, chingwe ndinalumikiza. Alamu okha musawaitane.