Musatseke mipata ya jenereta, samalani sefa yake

Achimwene, ndawerenga funso lanu kawiri, ndipo ndaona kuti ndikuyankheni mofatsa chifukwa zimene mukuganiza kuchitazo zikhoza kuwononga makina amene mwagula ndi thukuta lanu. Mwanena kuti motorhome yanu, galimoto yokhala ndi malo ogona ndi ophikira mkati, imagona pabwalo lopanda simenti cha kummwera kwa Johannesburg, kuti mutatsegula kachipinda ka jenereta mwapeza fumbi litaunjikana paliponse, ndipo mukufunsa ngati kuli bwino kutseka mipata yonse ndi siponji komanso lona musananyamuke ulendo wa kumudzi wodzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Ine ntchito yanga ndi yokonza mainjini ang'onoang'ono kuno ku Joni, ndipo ndikukupemphani kuti mipata imeneyo musaitseke ngakhale umodzi.

Jenereta imafuna mpweya pa ntchito ziwiri zosiyana. Mpweya wina umalowa mu injini kukasakanikirana ndi petulo kuti moto uyake, ndipo umenewu umadutsa pa sefa. Mpweya wina, womwe ndi wochuluka kwambiri, umakokedwa ndi fani n'kudutsa pa timizere tachitsulo tozungulira silinda ndi pa mawaya opanga magetsi, kenako n'kutuluka utanyamula kutentha. Mipata imene mukuiona pa chitseko ndi pansi pa kachipindako ndi njira ya mpweya wachiwiriwu. Mukaitseka, fumbi lichepadi pang'ono, koma injini izikoka mpweya wake womwe wotentha, oilo achepa mphamvu, ndipo vanishi wokuta mawaya a kopa apsa. Fumbi limapha injini pang'onopang'ono, pa miyezi kapena zaka, pamene kutentha kumatha kuipha madzulo amodzi.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, tiyeni tiwerengere limodzi. Magetsi a kuno ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amabwereza kayendedwe kake ka 50 pa sekondi, choncho majenereta ambiri a petulo, kupatula a mtundu wa inverter, amazungulira ka 3,000 pa mphindi. Injini ya 200 cc imakoka mpweya kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse, kutanthauza kuti pa mphindi imodzi ikhoza kumeza mpweya wofika malita 300, ndipo pa ola limodzi malita pafupifupi 18,000. Mpweya wonsewo umadutsa pa kasefa kosaposa chikhatho cha dzanja lanu. Ndiye mukamaiyendetsa pabwalo lafumbi, kamphepo kakuwomba, ganizirani kuchuluka kwa dothi limene kasefako kakulimbana nalo.

Palinso chinthu china chimene ambiri a ife timaiwala, chakuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wowonjezera mu injini, imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Jenereta yanu, ngakhale ili yatsopano, yataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu imene inalembedwa pa chikwangwani chake, ndiponso mpweya wopepukawo suziziritsa bwino ngati wa ku Durban. Makina amene akupuma movutikira kale simungawawonjezere sefa yotsekeka ndi lona pamwamba pake. N'chifukwa chake jenereta ya sefa yakuda kuno imafulumira kutulutsa utsi wakuda, kudetsa pulagi ndi kuzima mukangoyatsa ketulo kapena makina oziziritsa m'galimoto.

Fumbi la kummwera kwa mzinda uno nalonso si lofanana ndi la kumudzi. Chiyambire pamene golide anapezeka kuno mu 1886, miyala yakhala ikuperedwa ndipo zotsalira zake ndi zimene zinapanga zitunda zachikasu zimene mumaziona cha ku Riverlea ndi m'mbali mwa Soweto. Mchenga wake ndi wa mwala wa quartz, wosalala m'manja ngati ufa woyera koma wolimba kuposa chitsulo cha silinda. Kuyambira Meyi mvula imakhala italeka, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, fumbi limenelo limalowa paliponse. Likadutsa sefa n'kukumana ndi oilo, limasanduka phala lonola, ndipo pisitoni ikamakwera ndi kutsika imakhala ngati ikudzipala yokha ndi sandipepala.

Chaka chatha munthu wina anandibweretsera jenereta ya m'motorhome imene inali isanagwire ntchito nthawi yaitali, koma inkamwa oilo ndi kutulutsa utsi wabuluu. Mwini wake ankadabwa chifukwa sefa inali yooneka yoyera. Nditaichotsa ndinapisa chala kukhosi kolowera ku kabuleta (posakanizira petulo ndi mpweya), kumene kumayenera kukhala kopanda kachitsotso ngakhale kamodzi, ndipo chala chinatuluka chili mbuu, chikukhakhala ndikachipekesa. Nditayang'anitsitsa ndinaona kamzere kafumbi kochokera pa ngodya imodzi ya bokosi la sefa, pamene labala anali atapindika chifukwa sefayo inali ya saizi ina, yogulidwa poti inali yotchipa. Mpweya unkalambalala sefa n'kumadutsa pa kampata kosakwana n'komwe chikhadabo. Maling'i a pisitoni anali atadyeka, silinda ili ndi mikwingwirima, ndipo ndalama zokonzera zinaposa kutali zimene akanagulira sefa zoyenera kwa zaka zambiri. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa bamboyo ankaisamala galimoto yake ndi mtima wonse, kungoti panalibe amene anamuuza poyang'ana.

Choncho ntchito yanu yaikulu ili pa sefa. Yambani ndi kuyesa kumene ndanenako: chotsani sefa, pisani chala choyera kuseri kwake, ndipo mukapeza fumbi dziwani kuti penapake pakudutsa mpweya wosasefedwa. Musanachotse sefayo, pukutani kunja kwa bokosi ndi kansalu konyowa pang'ono kuti dothi lisagwere mkati, ndipo pamene sefa ili kunja tsekani khosilo ndi kansalu koyera, koma musaiwale kukachotsa pobwezera. Ngati sefa yanu ndi ya siponji, ichapeni ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, muifinye osaipotokola, muiyanike mpaka iumiretu, kenako muidontheze oilo wa injini woyera n'kuifinyanso kuti wotsala achoke. Oilo ameneyo ndi amene amagwira fumbi, ndipo siponji youma imasefa zinyalala zikuluzikulu zokha. Musaichape ndi petulo, chifukwa ndi ngozi ya moto komanso siponji imafumbutuka. Ngati ndi ya pepala, isakhudze madzi kapena oilo. Igogodeni pang'ono pa chikhatho kuti fumbi ligwe, muiyang'ane moloza ku dzuwa, ndipo ngati kuwala sikukudutsa kapena mwaona kabowo, itayeni. Ndimaona anyamata ambiri m'magalaja akuipopera ndi kompuresa mwamphamvu mpaka kuoneka yatsopano, koma mphepo yamphamvu choncho imang'amba timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo sefa yotero ndi yoopsa kuposa yakuda. Pa ulendo wanuwu tengani sefa ziwiri zapadera za nambala yeniyeni ya jenereta yanu, muzisunge m'pulasitiki yomanga bwino.

Za oilo sinditalikitsa. Mabuku a majenereta ambiri a petulo amanena kuti oilo asinthidwe pakatha maola 100 mpaka 150, ndipo amachenjezanso kuti m'malo afumbi muzisintha kawirikawiri. Ine ndimalangiza kudula nthawiyo pakati m'miyezi yachilimwe. Musanatsegule chotsekera oilo kapena kutulutsa kachitsulo koyezera, pukutani mozungulira, ndipo fanulo yothirira muziisunga yokutira, chifukwa fumbi lambiri limalowa mu injini ndi dzanja la mwini wake.

Tsopano tibwere ku fumbi limene mwaliona m'kachipindamo. Limeneli silinalowe mu injini, koma likaunjikana pa timizere ta silinda limakhala ngati bulangeti, makamaka likakumana ndi oilo wodontha n'kuuma ngati chikhakha. Jenereta itazizira, ndipo mutachotsa waya wa negetivu pa batire kuti isadzidzimuke n'kuyaka, tengani bulashi yofewa yopentera ndi makina okoka fumbi, muzikolopa pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kompuresa mukhoza kugwiritsa ntchito pa timizereto, koma mphamvu ikhale yochepa ndipo muziuzira fumbi kuti lituluke kunja, osati kulikankhira mkati mwa gawo lopanga magetsi. Chonde musalole anyamata otsuka galimoto kuloza paipi yamadzi amphamvu m'kachipinda kameneka. Madzi amalowa m'mabering'i ndi m'mawaya, fumbi limasanduka matope, ndipo mawa lake mumapeza injini ikulira bwinobwino koma magetsi osatuluka. Pomwe mwaona kudontha kwa oilo, konzani msanga, chifukwa malo onyowa ndi amene amaitana dothi.

Pamsewu, fumbi lochuluka limachokera ku matayala a galimoto yanu yomwe. Jenereta zambiri za m'motorhome zimakhala m'munsi, ndipo ngati yanu ili kumbuyo kwa tayala, onetsetsani kuti malabala otchinga matope alipo ndipo ndi aatali mokwanira. Yang'ananinso labala wozungulira chitseko cha kachipindako, chifukwa ameneyo ndiye woyenera kusinthidwa akatha, osati kutseka mipata imene opanga anaisiya dala. Msewu wa N1 mpaka ku Musina ndi wa tala, ndipo vuto lidzayamba m'malo oimika magalimoto pa zipata za Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue, m'njira zapambali kumene akukonza msewu, ndi pa msewu wafumbi wolowera kumudzi kwanu. M'malo oterowo jenereta ikhale yozima pamene mukuyenda, makamaka mukakhala kumbuyo kwa thiraki, chifukwa ikamalira imakoka mtambo wonsewo ndi fani yake. Mukafika poima, dikirani fumbi likhazikike, tsegulani kachipindako, sasani, ndipo kenako muyatse. Ku Tete, kumene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndi kumene mudzathokoze kuti mipata ija munaisiya yotsegula.

Poimika galimoto, sankhani pouma ndi polimba. Majenereta ambiri oterewa amatulutsira mpweya wotentha pansi, ndipo mukaima pa dothi lofumbutuka, mphepoyo imautsa fumbi limene injini imalikokanso nthawi yomweyo. Kuwaza madzi pansi monga timachitira tisanasese pabwalo kumathandiza kwambiri, ndipo pabwalo lanu la kuno mukhoza kuyala miyala ing'onoing'ono kapena masilabu angapo a simenti pansi pa malo a jeneretayo. Musayale makatoni kapena mphasa, ndipo musaime pa udzu wouma wautali, chifukwa paipi ya utsi imatentha mokwanira kuyatsa moto, ndipo mukudziwa mmene moto wolusa umathamangira kuno m'nyengo yozizira.

Pali chifukwa chinanso chimene ndikukanira lona, ndipo chimenechi ndi chokhudza moyo wanu ndi wa ana anu. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka mu Juni ndi Julayi. Mukakuta m'munsi mwa galimoto ndi lona, utsi umasowa kopita ndipo umakwera kudzera m'ming'alu ya pansi mpaka kumene mwagona. Onetsetsani kuti paipi ya utsi yatulukira kunja kwa thupi la galimoto ndipo siinabooke, mawindo a mbali imeneyo akhale otseka jenereta ikamalira, ndipo mugule kachipangizo kolira kakamva mpweya umenewu, mukaike mkati. Ine sindilola munthu kugona jenereta ikulira.

Lona ali ndi nthawi yake, ndiyo pamene galimoto yaima kwa milungu ingapo ndipo jenereta yazizira. Pamenepo mukhoza kuphimba mipata ndi nsalu yopitisa mpweya kapena kuikapo waya wa mabowo ang'onoang'ono woletsa makoswe, amene amakonda kumanga zisa m'bokosi la sefa ndi kutafuna mawaya. Pulasitiki yomata ndi yosayenera chifukwa imasunga chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri. Chilichonse chimene mwaphimbira, mangirirani kansalu kofiira pa batani loyatsira mkati mwa galimoto kuti aliyense adziwe kuti sayenera kuyatsa asanavundukule. Kamodzi pa mwezi vundukulani, muiyendetse kwa ola limodzi kapena awiri itanyamula pafupifupi theka la katundu wake, kuti petulo asaume m'kabuleta ndiponso chinyezi chichoke m'mawaya. Musanayatse, suzumirani m'paipi ya utsi ndi tochi, chifukwa mavu amakonda kumata dothi mmenemo.

Ngati mungathe, jambulani chikwangwani cha jeneretayo pamene palembedwa mtundu ndi nambala yake, mujambulenso sefa ndi kuseri kwake mutaichotsa, muike zithunzizo pansi pa yankho lino. Ndikaziona ndikuuzani ngati sefa imene ilipoyo ndi yoyenera ndiponso ngati mungayende nayo mpaka ku Mwanza.