Yankho la azakhali pa nkhani ya chikazi chonunkha

Eee, ndiyankhe pamawu pompano, zolembalemba maso anga sakuona bwino usiku uno. Mwanawe, funso lako ndalimva. Ukuti patha milungu ukutuluka chikazi chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba, fungo limakula mukakhala malo amodzi ndi abambo akunyumba kapena ukamaliza kusamba, koma sikukuyabwa kwenikweni. Ndiye ukufunsa ngati ali mauka, komanso ngati bamboyo wakutengera matenda kunja. Wachita bwino kufunsa muno mwa amayi okhaokha, ang'ono ako amve nawo.

Choyamba mtima ukhale m'malo, usayambe wamuimba mlandu mkamwini wathu. Zimene wafotokozazo zikufanana ndi vuto limene kuchipatala amalitcha bacterial vaginosis, anamwino amangoti BV. Kunjira ya amayi kumakhala tizirombo tabwino totchedwa lactobacilli, ntchito yake ndi kusunga malowo owawasa pang'ono kuti tizirombo tina tisaswane. Tabwinoto tikachepa, tinato timachuluka, fungo lija ndi kuyamba. Nkhani yogonana imakhudzapo, inde, koma BV payokha si umboni woti munthu wayenda njira. Imagwira ngakhale mayi amene mwamuna wake ndi wokhulupirika.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse nonse. Chimene chimathamangitsa tizirombo tabwino tija nthawi zambiri ndi ukhondo wathu womwewu. Kulowetsa chala ndi sopo mkati, kupukuta mkati ndi kansalu, kutsuka ndi mandimu kapena Dettol, kuika mankhwala azitsamba aja oti kuume kapena kuthine. Ndikudziwa ena mwa ife tinalangizidwa choncho kuchinamwali, anankungwi ndimawalemekeza, koma pamenepa ndiye ayi. Munthu akamva fungo amaonjezera kutsuka, kutsukako n'kuonjezera fungo. Mkatimo mumadziyeretsa mokha. Iwe sambitsa kunja kokha ndi madzi oyera, basi.

Mauka amene ukunenawo, anthu timangophatikiza zinthu zosiyana pa dzina limodzi. Pali candida: chikazi choyera, cholimba ngati chambiko, kuyabwa koti munthu osakhazikika, koma fungo palibe. Ameneyu amakonda amayi oyembekezera, odwala shuga, ndi amene angomaliza kumwa ma antibiotic. Mankhwala ake ndi ena, clotrimazole woika kunjira komweko. Pali trichomonas: chikazi chachikasu kapena chobiriwirira, nthawi zina chathovu, kuyabwa ndi kuwawa pokodza. Ameneyo ndiye wopatsirana pogonana, ndipo mwamuna ayenera kumwa mankhwala ngakhale iye sakumva kalikonse. Chinzonono ndi chlamydia nazonso zimatha kubwera ndi chikazi chachilendo. Ndipo chonde, zoti agogo akadule mauka ndi lezala zinatha, chilonda chimenecho chimangotsegulira matenda ena khomo.

Waona tsono chifukwa chake sindikufuna ukagule timapiritsi pamsika wa Lizulu n'kumangomwa? Wogulitsa pabenchi sangakuyeze, ndipo nthawi zina matenda awiri amakhalira limodzi. Ngakhale ine pafoni pano ndikungoyerekeza. Tenga buku lako lakuchipatala, pita pa health centre pompo, kapena kwera basi upite pachipatala chachikulu pa boma pa Ntcheu. Tsiku limenelo usatsuke mkati n'komwe, namwino aone mmene zilili. Akakufunsa za kunyumba yankha zoona, mafunso amenewo ndi amene amamuthandiza kusankha mankhwala. Akakupatsa kakalata koti bambo abwere, mpatse mwaulemu, ndipo mudikire kaye mpaka nonse mumalize mankhwala.

Ikakhala BV mankhwala ake ndi metronidazole, Flagyl uja. Ena amapatsidwa wakumwa kawiri patsiku masiku 7, ena mlingo waukulu kamodzi kokha. Amawawa, mkamwa mumamveka ngati chitsulo, ena amachita nseru, koma umalize onse ngakhale fungo litatha tsiku lachitatu. Mowa osayerekeza nthawi imeneyo, ngakhale kachikho ka masese pamwambo, mpaka papite masiku awiri utamaliza. Ndikuuziretu kuti BV imakonda kubwerera, amayi ambiri imawayambanso chaka chisanathe. Ikabwerera usachite manyazi, bwererakonso kuchipatala, usamwe zotsala za mnzako.

Chifukwa chimene sindikuti ungoisiya ithe yokha ndi ichi: imachititsa kuti munthu atenge HIV ndi matenda ena opatsirana mosavuta, ndipo kwa woyembekezera imatha kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane. Ngati ukudzikayikira kuti uli ndi pathupi, umuuze namwino asanalembe mankhwala. Uyezetsenso magazi ulendo womwewo.

Aaa, ndikanaiwala. Ukayamba kumva kupweteka pachinena, kutentha thupi, kapena kuona magazi mukatha kukhala malo amodzi, usadikire tsiku la msika, nyamuka tsiku lomwelo. Ndipo poti wafika kale, funsa za kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, kuja amapaka viniga n'kuyang'ana. Sizitenga nthawi, ndipo m'zipatala za boma ndi zaulere. Inu achemwali ake amene mukungomvetsera mwakachetechetenu, amene simunayezetsepo mumuperekeze mukayezetsere limodzi. Ukabwerako undiimbire pandekha, undiwerengere zimene alemba m'bukumo.