Mapiritsi olera pamene mwana akadali kubere

Funso: Ndimathyola tiyi ku esiteti ina ku Thyolo. Mwana wanga ali ndi miyezi inayi, akuyamwa. Ndingayambe kumwa Microgynon? Mayi wa ku Bvumbwe.

Yankho: Mayi, dikirani mwana akwane miyezi 6. Microgynon ali ndi mahomoni awiri, estrogen ndi progestin, ndipo estrogen amatha kuchepetsa mkaka wa m'mawere. Pakadali pano kapempheni mapiritsi a homoni imodzi kapena jekeseni.

Mukadzayamba, paketi ili ndi mapiritsi 28: 21 a mahomoni, 7 omaliza opanda mahomoni. Imwani limodzi tsiku lililonse nthawi yofanana, mwina musanalawirire kumunda. Mukaiwala atatu motsatizana, imwani limodzi mukangokumbukira, mupitirize, ndipo gwiritsani ntchito kondomu masiku 7.

Mapiritsiwa amachepetsa cham'mimba ndi kutaya magazi ambiri posamba, komanso chiopsezo cha khansa ya m'thumba la mazira. HIV satchinga.

Koma achipatala akayambe akuyezani BP. Ikakhala yokwera, kapena mukamadwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuthwanima m'maso, musamwe: magazi amatha kuundana m'mitsempha n'kubweretsa sitiroko. Mankhwala a TB a rifampicin amafooketsa mapiritsiwa. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.