Tifunseni: Petulo akasowa, wolakwa ndani?

FUNSO: Achimwene, ine ndine msodzi wa usipa kuno ku Makawa, Mangochi, ndili ndi boti la injini. Sabata yatha ndagona masiku awiri pa filling station ndi zigubu zanga petulo osabwera, mpaka ndinakagula wa black pamtengo woti nditagulitsa usipa palibe chomwe ndinatsala nacho. Ndiye mwana wanga wa ku sekondale akuti olakwa ndife tomwe, tinazolowera mafuta pomwe dzuwa ndi laulere. Zoona zimenezi?

YANKHO: Pepani bambo ndi zigubuzo. Mwanayo sukulu ikumulowa ndithu, koma mumufunse kuti dzuwa laulerelo panelo yake agula ndani.

Petulo amene mumathira mu injiniyo sitikumba kuno. Amabwera pa sitima mpaka ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenako matanka kumukweza mpaka kwathu kuno, ndipo ogulitsa ake kwacha saifuna, amafuna madola. Madolawo timadalira kwambiri fodya, ndiye akachepa mzere umayambira ku banki, inu mumangouona pa pampu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo unakwera nthawi yomweyo, inu simunafunsidwe.

Kwa ine mlandu waukulu uli ndi maboma omwe akhala akusinthana, onse, osasankha chipani. Taganizani, ethanol wa ku nzimbe tinayamba kupanga ku Dwangwa mu 1982, tinali mwa oyambirira mu Africa, koma mpaka lero timangothirako pang'ono mu petulo ngati mchere mu ndiwo. Magetsi nawo tinangowaunjika pa mtsinje umodzi wa Shire, Nkula, Tedzani, Kapichira, ndiye namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 aliyense anathamangira jenereta ya dizilo. Sola ya ku Salima ya mamegawati (MW) 60 inatsegulidwa mu 2021, ya ku Golomoti 20 MW, zabwino ndithu koma zabwera mochedwa.

Tsono nkhani yoti asodzi simufuna kusintha ndiyo ndikuikana. Siginala wanu, woyatsa nyali uja, akamakaitana usipa usiku amayatsabe nyali ya parafini ija yopopa, yoti chitambe chikangogwedezeka chathothoka? Ambiri anasiya, pano ndi mababu ndi batire yotchaja masana, ndipo palibe anabwera ndi msonkhano kudzawaphunzitsa, anangoona kuti ndalama ikupulumuka.

Injini ndiye nkhani ina. Petulo mumagula wa lero lokha, malita angapo, mawa mugulanso usipa ukagulidwa. Injini ya magetsi ndi mabatire ake imafuna ndalama yonse kamodzi, nayonso ndi ya madola omwewo, ngongole ya ku banki chiongoladzanja chake mukuchidziwa, komanso ikafa muli pakati pa nyanja mphepo ya mwera yayamba muimbira ndani? Yamaha yanuyo mekaniki aliyense pa Boma kapena ku Monkey Bay amaitsegula akucheza.

Mwanayo musamukalipire ayi. Mupatseni kope alembe malita omwe mumathira pa ulendo uliwonse kwa mwezi wathunthu, kenako akafunse mtengo wa panelo ndi batire zoti zitchaje nyali zonse ndi mafoni a alovi anu, anyamata a m'boti aja. Yambirani pamenepo, injiniyo idikire kaye.