Nyumba za anthu aulumali: kodi ife wamba tingalankhulepo?

Mayi wina wa ku Chilobwe wandilembera pa imelo. Akuti achimwene awo amayenda pa wilutcheya, nyumba yalendi yomwe akukhala ili ndi masitepe pakhomo, chitseko cha kuchimbudzi nchopapatiza moti m'mawa ulionse amachita kuwanyamula. Funso lawo ndi loti kodi munthu wamba angaikepo mlomo pa mfundo za boma zokhudza nyumba za anthu aulumali, kapena zimenezo nza mabwana a ku Capital Hill okhaokha?

Achemwali, mungathe ndithu, ndipo sikupempha chifundo ayi. Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo panganolo limanena poyera kuti boma lizifunsa eni akewo, kudzera m'mabungwe awo, popanga malamulo ndi mfundo zowakhudza. Kenako kudabwera lamulo la anthu aulumali la 2012, lomwe lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, lija lidasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Papepala zili bwino.

Vuto ndi nthawi yomwe amatifunsira. Nthawi zambiri anthu amaitanidwa chikalata chitalembedwa kale, msonkhano kuhotela, pena chipinda chake cha pamwamba chopanda lifiti, womasulira chinenero cha manja palibe, mwamwa fanta, mwasaina alawansi, ajambula chithunzi, basi lipoti likuti "tinafunsa anthu". Ine zimenezo sindiziwerengera. Kulankhulapo kwenikweni kumachitika pulani isanadindidwe komanso bajeti isanadutse, chifukwa simenti ikauma palibe kontirakitala angagumule chitseko chifukwa choti inu mwadandaula.

Nde muyambire pati? Inu muli mumzinda, ndiye khomo loyamba ndi khansala wa wodi yanu, poti mapulani a nyumba mumzindamo amavomerezedwa ndi khonsolo ya Blantyre. Akumudzi khomo lawo ndi makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), omwe amatumiza zofuna za anthu kukhonsolo ya boma. Koma musapite nokha, munthu mmodzi amangomuuza kuti "tamva, tiona". Lowani kudzera ku FEDOMA, yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, kalata ikhale ndi chidindo chawo. Komanso chaka chilichonse unduna wa zachuma umachititsa misonkhano yomva maganizo bajeti isanalembedwe, ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo nkhani ya nyumba ikasowa pamenepo ndiye kuti yasowa chaka chonse.

Apa nditsindike, musakanene kuti "mutiganizireko ife aulumali". Mawu amenewo aliyense amawaombera m'manja kenako nkuiwala pofika pageti. Pitani ndi manambala. Chitseko chikhale masentimita 90 m'lifupi kuti wilutcheya idutse manja osakhulika pafelemu. Rampu isakhale ija timaiona pamashopu ena yongoimirira, yoti ngakhale wamiyendo yake amatsetsereka mvula ikagwa, muyezo wake ndi woti pa sentimita imodzi yokwera pakhale masentimita 12 m'litali, ndiye sitepe ya masentimita 30 ikufuna rampu ya mamita 3.6. M'chimbudzi mukhale zogwirira kukhoma ndi malo otembenukira, pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ndipo musaiwale njira yochokera kumsewu, ku Chilobwe kuja ndi kotsetsereka, nyumba ingakhale yabwino bwanji koma ngati kanjira kake nkodutsa pangalande munthu adzakhalabe wotsekeredwa. Amene adaona namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa kuti usiku umene uja yemwe sakanatha kudzitulutsa yekha m'nyumba anali pa ngozi yotani.

Zimatheka koma? Onani abale athu achialubino. Kuphedwa ndi kubedwa kwawo kutafika poipa, a bungwe lawo la APAM adalimbikira kunena chinthu chimodzi chogwirika, kuti nyumba zamaudzu zazitseko zofooka ndi zomwe zikupereka mpata kwa achiwembu, mpaka boma lidayamba kuika ndalama mu bajeti zomangira nyumba zolimba. Zikuyenda mwapang'onopang'ono zedi poyerekeza ndi anthu 134,636 omwe kalembera wa 2018 adapeza, koma mzere mu bajeti ulipo, ndipo chinthu chikakhala mu bajeti mumakhala ndi pofunsira.

Za alandilodi anuwo ndisakunamizeni, misonkhano imeneyi siwasintha mawa. Kambiranani nawo kuti muike rampu ndi kukulitsa chitseko, ndalamayo izichotsedwa pa lendi, ndipo mulemberane pamaso pa mboni.

Mukapita kumsonkhano ulionse onetsetsani kuti zomwe mwanena zalowa m'maminitsi, kenako mupemphe kope lake, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020 ndiye asakuopsezeni. Achimwenewo apite akalankhule okha, inu mukangowaperekeza, ndipo ngati minibasi zikukana wilutcheya auziretuni okonza msonkhanowo kuti thiransipoti ya anthu awiri ili pa iwo.