Mwasamutsa mafayilo, koma simunawasunge kawiri

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luwinga amene akulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri. Laputopu yawo inadzaza, ndiye anagula external hard drive n'kusamutsira zonse mmenemo: zolemba za zaka ziwiri, mawu a anthu amene anacheza nawo m'midzi ya ku Mzimba, ndi zithunzi za ana. Funso lawo ndi lakuti, kodi tsopano mtima ungakhale pansi?

Mayi, ndikuyankhani mosabisa: usakhale pansi kaye. Dzulo mafayilo anu anali pamalo amodzi, mu laputopu. Lero alinso pamalo amodzi, mu drive. Chimene chasintha n'chakuti tsopano ali m'kachipangizo kosavuta kugwa patebulo, kosavuta kuiwala m'minibasi, kosavuta kulowa m'thumba la munthu wina. Imelo yanu inandisowetsa tulo, makamaka pamene munatchula mawu a anthu amene munawajambula, chifukwa ine ndinataya mawu a agogo anga.

Agogo aakazi anabwera kudzakhala nafe ku Chibavi atakalamba kwambiri. Kwawo kunali ku Lunzu, ndipo kuzizira kwa Mzuzu sanakuzolowere mpaka tsiku lawo lomaliza. Miyezi ya June ndi July ankakhala pafupi ndi mbaula kuyambira dzuwa likamalowa, atafunda zitenje ziwiri, ndipo akatenthedwa bwino nkhani zinkatuluka zokha. Ankafotokoza za njala ya 1949, mmene anthu a kwawo ankayendera mitunda italiitali kukasuma, mmene ankakumbira mizu yakutchire, amene anabwerako ndi amene sanabwereko. Ankafotokoza za agogo aamuna atapita ku Joni ndi Wenela, kalata zimene zinkabwera patapita miyezi, ndi bokosi lachitsulo limene anabwera nalo. Koma chimene chinkandigwira mtima kwambiri ndi mndandanda wa mayina. Ankatchula amayi awo, amayi a amayi awo, alongo, atsibweni, ndani anakwatiwa kuti, ndani anasamukira ku Ntcheu chifukwa cha mkangano wa munda. Palibe wina m'banja mwathu amene ankadziwa zonsezo.

Ndinayamba kuwajambula mawu pa foni. Poyamba ankachita manyazi, ankafunsa kuti kodi kachinthuka kakumvadi, kenaka anazolowera mpaka ankandikumbutsa okha kuti "iwe, yatsa kaja." Nthawi zina ankaimba. Nthawi zina ankasiya nkhani pakati n'kuyamba kudzudzula mwana amene wasiya chitseko chotsegula, ndipo zonsezo zinkalowa. Foni ikadzaza ndinkakopera mu laputopu, ndipo popeza ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndinali ndi drive ina imene ndinkakoperamonso. Makope awiri. Laputopu ndi drive zinkagona m'chikwama chimodzi.

Usiku wina wamvula tonse tinali kumaliro a mnansi. Akuba anathyola zenera la kuchipinda, anatenga chikwama chija, wailesi ndi nsapato. Agogo anali atayamba kale kudwala, mawu atachepa, mayina atayamba kusokonekera. Ndinayesa kuwafunsanso, koma ankangoti "ndinakuuza kale." Anamwalira mvula isanathe.

Chimene chinapulumuka ndi kachidutswa kamodzi kokha, kosakwana mphindi zitatu, kamene ndinatumizira msuweni wanga wa ku Johannesburg pa WhatsApp chifukwa agogo ankamutchula m'nkhaniyo. Iye ndiye anandibwezera. Taganizani, mayi: mafayilo onse amene ndinkawasamala, amene ndinawapatsa mayina bwinobwino ndi madeti, anapita usiku umodzi, ndipo kamene kanatsala ndi kaja kanali kutali ndi nyumba yanga. Laputopu ndinagula ina patapita nthawi. Mayina aja palibe sitolo imene imagulitsa.

Kuyambira pamenepo ndimakana ndithu munthu akandiuza kuti ali ndi backup, kutanthauza kope ina yapadera ya mafayilo ake, pomwe zonse zili pansi pa denga limodzi. Wakuba amatenga zonse zimene wapeza. Moto sufunsa kuti iyi ndi kope kapena ndi yoyamba. Ife a ku Mzuzu sitifunika kuuzidwa zimenezi ndi munthu wakunja. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Amene tinali mumzinda uno tikukumbukira nkhope za ophunzira masiku amenewo. Mabuku ambiri amatha kugulidwanso kapena kupemphedwa kwa abwenzi akunja, koma chilichonse chimene chinalipo chimodzi chokha m'nyumbamo chinathera pomwepo. Kafukufuku wanu, mayi, ali m'gulu limeneli. Gogo wa ku Mzimba amene anakupatsani ola lake sangabwereze mawu omwewo kachiwiri, ndipo mwina chaka chamawa simudzamupeza.

Ndiyeno pali drive yeniyeniyo. Anthu amaikhulupirira chifukwa ndi yatsopano ndipo anailipira ndalama zambiri. Mkati mwa external yamtundu wa HDD muli timbale timene timazungulira maulendo pafupifupi 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake pa mpata wosaoneka ndi maso. Mwana akakoka chingwe drive ikugwira ntchito n'kugwa pa simenti, kamutuko kamakanda mbale, ndipo mudzamva kaphokoso ka "tiki, tiki". Aliyense wokonza makompyuta m'tauni muno amakadziwa kaphokoso kameneka, ndipo amadziwanso kuti nthawi zambiri palibe chimene angachite. Yamtundu wa SSD ilibe zozungulira, imapirira kugwa, koma ikafa imafa mwadzidzidzi, popanda kuchenjeza. Onjezanipo magetsi athu amene amazima ndi kubwera mwamphamvu, ndi ziphaliwali za nyengo yamvula. Magetsi akathima pamene kompyuta ikulemba mu drive, fayilo imatha kuonongeka ngakhale drive yokhayo ili bwino.

Za ma flash ndiye ndili ndi mkwiyo wapadera. Alipo amene amagulitsidwa motchipa m'misika atalembedwa 64 GB kapena 128 GB, ndipo mukawalowetsa m'kompyuta amaonetsadi nambala imeneyo, pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukamakopera amalandira zonse osadandaula, mayina a mafayilo amaoneka, koma malo enieni akatha zimene mukuikazo sizisungika. Mudzazindikira tsiku limene mukufuna kutsegula. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamene kamadzaza flash yonse n'kuwerenganso kuti kaone kukula kwake kwenikweni. Flash iliyonse yatsopano iyambe yadutsa pamenepo. Ndipo ngakhale flash yeniyeni, ikangoyenda m'makompyuta a kosindikizira mapepala, imabwera ndi vairasi ija imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Flash ntchito yake ndi kunyamula fayilo kuchoka apa kupita apo. Si mosungira moyo wa munthu.

Ndinene ichi ngakhale ena sakondwa nacho. Ogulitsa ma drive amene amamva kasitomala akunena kuti "ndikufuna ndisamutsire zonse muno kuti laputopu ipepuke" n'kungolandira ndalama osanena kanthu, akulakwa. Sizitenga mphindi kumuuza munthu kuti asafufute zoyambazo. Aphunzitsi amene amayang'anira kafukufuku nawonso ayenera kufunsa wophunzira pa msonkhano woyamba kuti deta yake ili m'malo angati, asanafunse za mutu woyamba. Ndaonapo akuluakulu, abambo a ana awo, akulira m'shopu chifukwa cha drive imene yasiya kuoneka sabata yoti apereke ntchito. Ndaonapo wojambula ukwati akuthawa foni ya akwati chifukwa memory card inali imodzi ndipo yafa. Ndaonapo mlembi wa mpingo atataya kaundula wa ubatizo wa zaka zambiri. Onsewa si anthu osasamala. Palibe amene anawauza.

Nanga cloud?

Ndikudziwa kuti wina anena kuti ingoikani zonse pa cloud, malo osungira mafayilo pa intaneti monga Google Drive, nkhani ithe. Ndimagwiritsa ntchito, ndipo ndimalimbikitsa, chifukwa imathetsa vuto la denga limodzi lija. Google imapereka 15 GB kwaulere, koma malowo amagawana Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira 2024 backup ya WhatsApp pa mafoni a Android imadyanso pomwepo. OneDrive ndi iCloud zimapereka 5 GB, Dropbox 2 GB. Zolemba zimakwana bwinobwino. Mawu ojambula ndi mavidiyo ndiwo amadya malo ndi bandulo, ndipo bandulo kwathu kuno si yotchipa, choncho muyenera kusankha zoyamba kukwera.

Koma cloud ndi makompyuta a munthu wina m'nyumba ina, ndipo nyumbayo imapsanso. Mu March 2021 moto unaononga malo osungira deta a kampani ya OVH ku Strasbourg, m'dziko la France, ndipo makasitomala ena amene backup yawo inali pamalo omwewo anataya zonse. Komanso foda imene imadzifananiza yokha ndi cloud imatsatira chilichonse chimene mwachita: mukafufuta mu laputopu, imafufutanso kumwambako, ndipo Google Drive imasunga zotayidwa masiku 30 okha. Vairasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo, imene amati ransomware, imagwira laputopu pamodzi ndi drive iliyonse imene yalumikizidwa nthawi imeneyo. Mu May 2017 ina yotchedwa WannaCry inasokoneza makompyuta m'mayiko pafupifupi 150, kuphatikizapo zipatala za ku Britain. Kwathu konkuno, mu February 2024, Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti analowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. N'chifukwa chake drive ya backup iyenera kuzulidwa mukamaliza kukopera, osaisiya ili chilumikizire.

Palinso vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri kuposa moto ndi vairasi: munthu kutsekeredwa kunja kwa akaunti yake yomwe. Foni yabedwa pa depoti, pasiwedi anamuikira mphwake zaka zapitazo, nambala yolandirira code inali ya SIM imene inatayika kalekale. Mafayilo alipo, koma mwini wake sangawafikire. Google imalola kutenga ma backup code, manambala olowera m'akaunti ngati foni kapena SIM yolandirira code yasowa. Alembeni papepala muwaike pamodzi ndi masatifiketi anu. Dziwaninso kuti kuyambira December 2023 akaunti ya Google imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa. Ndimaganizira kwambiri za abale athu amene anamwalira n'kusiya zithunzi za banja lonse m'akaunti imene palibe akudziwa kolowera. Nkhani imeneyi ndiyofunika tsiku lake lokha, chifukwa imakhudza mmene timakambirana za imfa m'mabanja mwathu, ndipo ambiri sitifuna kuiyamba.

Tibwerere kwa inu, mayi. Akatswiri amati 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, imodzi ikhale kutali ndi nyumba. Lero lomwe bwezerani kafukufuku ndi mawu aja mu laputopu, ngakhale zitanthauze kuchotsa mafilimu. Drive ikhale kope yachiwiri, muzikopera Lamlungu lililonse n'kuizula, ndipo isamagone m'chikwama cha laputopu. File History ya mu Windows, imene imakopera yokha mafayilo mu drive, ingakuthandizeni. Yachitatu ikhale pa Google Drive, kapena ngati bandulo ikuvuta, drive ina yaing'ono imene muzisiya kuofesi kapena kwa mchemwali wanu ku Katoto. Kamodzi pamwezi tsegulani mafayilo angapo kuchokera mu kope iliyonse, mumvere mawuwo mpaka kumapeto, chifukwa dzina la fayilo likhoza kuoneka pomwe mkati mwafa.

Chinanso, popeza mawu amene munajambula ali ndi mayina ndi nkhani za anthu amene munawalonjeza chinsinsi, musawaike pa intaneti kapena kwa mchemwali ali poyera. Pulogalamu yaulere ya 7-Zip imatha kumanga foda yonse n'kuitseka ndi pasiwedi. Pasiwediyo muilembe papepala lomwe lija la ma backup code, chifukwa mukaiiwala palibe wokonza makompyuta mu Mzuzu muno amene angakutsegulireni.