Zala zothamanga kapena chochokera mumtima? Yankho kwa woimba kiyibodi amene akumvetsera magulu a ku Italy

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amaimba kiyibodi. Mwachidule anandilembera kuti: "Achimwene, ndayamba kumvetsera magulu a progressive rock a ku Italy a m'ma 1970. Ena ndikawamvetsera ndimaona ngati akungodzionetsera kuti zala zawo zimathamanga. Ena saimba zovuta kwenikweni koma amandifika pamtima. Chofunika ndi chiti, luso kapena chochokera mumtima? Ndikufunsa chifukwa ine ndimatha maola ambiri ndikuphunzira kuthamangitsa zala."

Zikomo achimwene pondilembera. Kwa amene sakuidziwa, progressive rock ndi mtundu wa rock wa nyimbo zazitali, zosinthasintha ndi zovuta kuimba. Funso lanuli ndakhala nalo zaka, ndipo ndikuyankhani ndi zimene makutu anga anamva.

Ndiyambe ndi gulu la Premiata Forneria Marconi la ku Milan, limene ambiri amangoti PFM. Anyamata amenewa asanatchuke ankalembedwa ganyu yoimbira zida oimba ena mu situdiyo, mpaka anaimbirapo oimba otchuka a ku Italy, Lucio Battisti ndi Fabrizio De André. Munthu wa ntchito yotere sasewera: amapatsidwa nyimbo m'mawa, masana akhale ataijambula. Ndiye za luso musakayike. Franco Mussida pa gitala, Flavio Premoli pa kiyibodi, Mauro Pagani pa vayolini ndi chitoliro, Franz Di Cioccio pa ng'oma, onsewa anali akatswiri. Koma kamvetsereni nyimbo yawo imene anthu a ku Italy amaikonda mpaka lero, Impressioni di settembre, yomwe ili pa chimbale chawo choyamba cha 1972, Storia di un minuto. Imayamba pang'onopang'ono, munthu akuimba za mame ndi minda m'mamawa. Ikafika pamene tonse timayembekezera kolasi, palibe mawu. Kolasiyo imaimbidwa ndi Moog, mtundu wa kiyibodi yamagetsi, ndipo kanyimbo kake ndi kosavuta moti inu mungakagwire tsiku limodzi. Anthu amene akanatha kudzaza malo amenewo ndi manotsi mazana anasankha ochepa chabe, ndipo ochepawo ndi amene anakhala m'mitima ya anthu zaka zoposa 50.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi amene amati luso ndi mtima ndi adani. Kuti munthu asankhe manotsi ochepa oyenera, ayenera kukhala ndi ambiri oti asankhepo. Wosadziwa kuimba akamaimba zochepa ndiye kuti pomwepo ndi pamene wathera. Katswiri akaimba zochepa mumamva kuti pali mphamvu imene waigwira dala, ngati mmene mumamvera ng'oma yaikulu ikamenyedwa mofatsa.

Koma PFM yomweyo imaonetsanso ngozi imene mwaitchula. Mu 1973 Greg Lake wa gulu la ku Britain la Emerson, Lake & Palmer anawatengera ku kampani yotulutsa nyimbo ya Manticore, Pete Sinfield anawalembera mawu a Chingerezi pa chimbale cha Photos of Ghosts, ndipo anayamba kuimba ku Britain ndi ku America. Pofika 1977, pa chimbale cha Jet Lag, Pagani anali atachoka ndipo gululo linali litalowera ku jazz-rock. Kaimbidwe ka zida pa chimbale chimenecho n'kapamwamba kwambiri, mwina kuposa kale. Ine ndimachimvetsera ndi ulemu, koma chikatha sindipeza choti ndizing'ung'udza popita kumsika. Chimene chinawabwezera moyo, kwa ine, ndi ulendo umene anayenda ndi De André mu 1978 ndi 1979, pamene luso lawo linapeza mawu olemera oti liwatumikire.

Tsopano ndifike pa gulu limene ndimalikonda kuposa onse, Banco del Mutuo Soccorso la ku Rome. Linali ndi anthu awiri pa kiyibodi, apachibale, Vittorio ndi Gianni Nocenzi, onse ophunzira bwino piyano. Inu ngati woimba kiyibodi mudzadabwa mmene awiriwa amalukanirana osapondana. Mu 1972 anatulutsa zimbale ziwiri, ndipo chachiwiri, Darwin!, chimafotokoza za chiyambi cha zamoyo ndi munthu. M'chimbalemo muli zigawo zothamanga, zosinthasintha, zoti ukamawerenga kugunda kwake umasokonezeka. Kenako pafupi ndi kumapeto zonse zimakhala bata, n'kutsala piyano ndi mawu a Francesco Di Giacomo mu nyimbo ya 750.000 anni fa... l'amore? Ndi nkhani ya munthu wakalekale, wooneka ngati nyani, amene wabisala akuyang'ana mkazi akumwa madzi. Akumufuna, koma akudziwa kuti akangodzionetsa mkaziyo athawa. Di Giacomo anali munthu wonenepa, wandevu zambiri, wa mawu okwera ngati a opera, ndipo apa amaimba ngati munthu amene manyazi ndi chikondi zamutsamwa pakhosi. Simufunika kudziwa Chitaliyana kuti mumve zimenezi. Ndipo taonani: nyimbo yofatsayi imalasa chonchi chifukwa cha namondwe amene wadutsa isanafike. Zovuta zija zinali kukonza njira. Di Giacomo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2014, ndipo ndikamvetsera nyimboyi masiku ano ndimakhala kaye chete ikatha.

Le Orme a ku Venice ndi amene mwina munkanena aja, osaimba zovuta koma ofika pamtima. Anali atatu basi ngati Emerson, Lake & Palmer, koma woimba kiyibodi wawo Tony Pagliuca sankapikisana ndi Keith Emerson wa gulu lija pa liwiro. Chimbale chawo cha 1973, Felona e Sorona, cha maiko awiri a m'mlengalenga, lina la kuwala lina la mdima, chimayenda pa mawu ofewa a Aldo Tagliapietra. N'chokongola, ndipo sindingachisinthe kanthu.

Koma musathamangire kunena kuti kufatsa ndiye mtima. Pali gulu la Area, limene limaphwanya ganizo limenelo. Palibe gulu la ku Italy limene linkaimba zovuta kuposa iwo: kugunda kosalingana kochokera ku nyimbo za ku Balkans ndi ku Greece, kosakanizidwa ndi jazz yaukali. Woimba wawo Demetrio Stratos, wobadwira ku Alexandria m'dziko la Egypt mu 1945 kwa makolo achigiriki, anaphunzira mmero wake ngati chida mpaka ankatulutsa mawu awiri nthawi imodzi. Komabe mukamva nyimbo yotsegulira chimbale chawo cha 1973, yonena za Apalestina, imene imayamba ndi mawu a mayi akulankhula Chiluya, simunganene kuti akudzionetsera. Anali anthu okwiya ndi zimene zinkachitika m'dziko, ndipo mkwiyowo unkafuna zala zothamanga chomwecho. Stratos anamwalira ku New York mu June 1979 ali ndi zaka 34 zokha, ndipo konsati imene anzake anakonza ku Milan kuti asonkhe ndalama za kuchipatala inasanduka yomulira.

Pomwe ndimagwirizana nanu ndi pa zimbale zina zimene ng'oma kapena kiyibodi sizipuma n'komwe. Mwachitsanzo Furio Chirico wa gulu la Arti e Mestieri la ku Turin, pa chimbale cha Tilt cha 1974, amamenya ng'oma modabwitsa, kudzaza kampata kalikonse. Anthu ambiri amachikonda ndipo ndimawamvetsa. Ine nthawi zina ndimalakalaka atasiyako pang'ono kuti vayolini ipume.

Ndiye maola anu ophunzira aja musawasiye, achimwene. Zala zikakhala zolemera zimakana kunena zimene mtima ukufuna, ndipo woimba aliyense amadziwa kuwawa kwa kumva kanthu m'mutu n'kulephera kukafikitsa pa kiyibodi. Chimene ndikupemphani n'chakuti pa ola lililonse lothamangitsa zala, mupatuleko mphindi zingapo zoimba kanyimbo kamodzi kosavuta, pang'onopang'ono, mpaka mutapeza notsi imene iyenera kuchedwa ndi imene iyenera kumveka motsitsa. Yambani ndi kolasi ya Moog ija ya PFM. Mukaigwira, pitani ku piyano ya pa Darwin!, muimvetsere usiku kunja kutazizira, chimbale chonse kuyambira poyamba osadumpha. Mukatero mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti inakupezani bwanji.